Pepala la Mabowo M'mbali

"Tsikani mumtengomo, alamu. Ndati tsikani!"

A Gerishon sanatsike msanga. Anayamba amaliza kudula kanthambi kouma kamene anali atakayamba, n'kukaponya pansi, kenaka n'kutsetsereka ndi thunthu la nachesi mosamala kuti asagwetse zipatso. Pansipo panali pataima a Laimoni, mlongo wa malemu mkazi wawo, atavala jekete la baji ya Chipani ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anafunsa a Gerishon akupinda mpeni wawo.

"Kuswera ndaswera. Koma ndinanena pamaliro paja kuti mitengo iyi asaikhudze munthu mpaka tidzakambirane. Kapena mawu anga ndi mphepo?"

"Nthambi youma ikatsala imadwalitsa zinzake. Mtengo sudziwa kuti pakhomo pagwa maliro."

"Mtengo sudziwa, koma inu mukudziwa. Mlongo wanga Mailesi tinamuika mu Febuluwale, uno ndi Epulo. Mlendo ndi mame, alamu. Ndatumiza mawu kwa ankhoswe anu ku Nsambe. Masabata awiri akatha, Loweruka, tikusudzulani kuti mubwerere kwanu mwaulemu."

Stelia, mwana yekhayo wa a Gerishon ndi malemu a Mailesi, anali pakhonde ndi buku la malamulo a bizinesi pamiyendo. Anali atabwera ku tchuthi cha Pasaka kuchokera ku yunivesite ku Blantyre, kumene ankaphunzira za kasungidwe ka mabuku a ndalama. Anatseka bukulo n'kubwera kudzanjuta pafupi ndi amalume akewo.

"Amalume, abambo akhala pamudzi pano zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mame ake ndi amenewo?"

"Iwe khala chete, nkhaniyi ikukomera iwe yemwe. Mwini mbumba ndine. Ndikapanda kusamala zako lero, mawa abambo akowa akwatira kwina, manachesi a amako azikanenepetsa ana a mkazi wina."

"Koma mitengo yonseyi, makumi asanu ndi atatu, anabzala ndi iwo. Pano panali tsekera pokhapokha."

"Anabzala pa dothi la yani? Tambala akalira pakhola la eni, khola limakhala lake?"

A Laimoni anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Linali lalitali, la mabowo ang'onoang'ono m'mbali monse. Stelia analizindikira asanalitambasule.

Linali lake. Chaka chatha aphunzitsi anawauza kuti aliyense apeze bizinesi yeniyeni ya munthu mmodzi, alembe mwini wake, zimene lamulo limanena za bizinesi yotere, zolowa ndi zotuluka, kenaka zonsezo azilowetse mu kompyuta ya pasukulupo. Anzake analemba za magolosale a ku Ndirande. Iye analemba za manachesi a kwawo, napeza malikisi 78, ndipo ku ofesi anadindapo chidindo cha tsiku limene anapereka. A Mailesi, amene sankadziwa kuwerenga, anayenda nalo pepalalo ku Mvano miyezi itatu, amayi onse analigwirako, kenaka analisunga pansi pa sutikesi. M'menemo ndi momwe a Laimoni analipeza tsiku logawa zovala za malemu.

A Laimoni anali ndi Chingerezi cha Sitandade 6 yakale, chokwanira kuwerengera mzere umodzi umene ankaufuna. Analoza ndi chala n'kumasulira mokweza.

"Mwini wake wa bizinesi: Mayi Mailesi. Mwini mmodzi, palibe wina. Mwamva, alamu? Analemba ndi makina a boma, anachonga ndi aphunzitsi a boma ndi inki yofiira, chidindo ndi ichi. Wolemba wake si ine, ndi mwana wanu yemwe."

Anapindanso pepalalo, n'kulibweza m'thumba, n'kumapita. A Gerishon anatola tinthambi touma tija n'kukatiunjika kuseri kwa khitchini.

Mawa lake m'mawa Stelia anawapeza abambo ake kudimba, kumene anali ndi nazale m'mbali mwa kamtsinje. Anali atakhala pa kampando akukwatitsa mitengo: kucheka khungwa la kamtengo ka ndimu, kulowetsamo diso la nachesi, n'kumanga ndi kansalu ka pulasitiki.

"Abambo, ndine ndakugwetsani," anatero Stelia.

"Gwira apa. Osafinya."

Anagwira. A Gerishon anamanga, n'kusuntha chubu cha kamtengo kena.

"Ndinakufunsani paja kuti ndilembe dzina la yani," anapitiriza Stelia. "Inu munati lemba amako."

"Ndinaterodi. Ukanalemba langa, amako n'kupita nalo ku Mvano, mudzi wonse ukanati mkamwini wayamba kudzitcha mwini. Kwa eni kulibe mkuwe, mwanangu. Ine ndakhala bwino pano chifukwa chodziwa pokhala."

"Ndikanalemba mayina onse awiri. Koma aphunzitsi ankafuna bizinesi ya munthu mmodzi. Ya anthu awiri tinali tisanaphunzire, ndiponso masamu ake ndi ovuta. Ndinangosankha chophweka."

"Ndiye walakwa chiyani? Anakufunsa za mbuzi, ukanayankha za ng'ombe?"

"Tsopano taphunzira, abambo. Lamulo likuti anthu awiri akamagwira ntchito limodzi n'kumagawana phindu, onse ndi eni ake, kaya pali pepala kaya palibe."

"Lamulo limenelo limakhala kuti?"

"M'buku."

"Ndiye kuti lili ku Blantyre. Kuno basi imafika mwa apo ndi apo, nthawi ya dzinja osaoneka n'komwe. Lamulo lakolo lingabwere wapansi?"

Stelia sanaseke. Anati apite ku Mwanza akadandaule ku khoti, iye akawalankhulira. A Gerishon anapukusa mutu.

"Nditengere kukhoti mlongo wa amako, manda asanamere n'komwe udzu? Nanga iwe udzakhala ndi yani pamudzi pano? Ine ndine wopita, iwe ndiwe wokhala. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, abambo."

"Ku yunivesite amaphunzitsanso miyambi, eti?" Anaseka pang'ono, kenaka anaika mpeni pansi. "Tamvera. Mitengo yonse atenge, ndi yako iweyo pamapeto pake. Ine ndikupempha ziwiri basi: kanyumbaka, ndi mzere wa kumunsi uja wa mitengo khumi, ndizipezerapo sopo. Ku Nsambe ndinachokako ndili mnyamata, munda ndilibeko. Ndiponso manda a amako ali pano. Ndikachoka azipalira ndani? A Laimoni?"

Aka kanali koyamba Stelia kuwamva abambo ake akupempha kanthu pamudzipo, ndipo zinamupweteka kuposa kukalipa kwa dzulo lake.

Sabata yotsatirayo anapita kwa amalume ake. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi ndi a Wilkins, mwamuna wa lole wa ku Zalewa amene ankagula manachesi akali mumtengo, munda wonse mtengo umodzi, n'kukagulitsa ku Limbe. Zaka zonse a Gerishon ankawakanira a Wilkins, ankati kugulitsa chipatso chisanapse ndi kugulitsa mbuzi ili m'mimba. Tsiku limenelo nsapato za a Wilkins zinali ndi dothi lofiira la m'munda wa manachesi. Atangoona Stelia anatsanzika.

"Amalume, ndabwera kudzatenga pepala langa," anatero Stelia atakhala pamphasa.

"Pepala la malemu."

"Ndi ntchito ya m'kalasi chabe, amalume. Ili ngati masamu a ana a Sitandade 3, akuti Malizani anali ndi mazira khumi. Palibe amene amakafufuza ngati Malizaniyo analidi ndi nkhuku."

"Koma iwe sunalembe Malizani. Unalemba Mailesi, mudzi uno, mitengo makumi asanu ndi atatu. Ndakawerenga ndekha, yakwana ndendende."

"Chidindocho chikungosonyeza tsiku limene ndinapereka."

"Chidindo ndi chidindo. Ine ndakhala tcheyamani wa nthambi ya Chipani zaka zisanu ndi zinayi, mapepala ndimawadziwa." Anathira shuga wina mu tiyi. "Stelia, ukundiona ngati mfiti, koma taona kutsidyaku. Mkazi anamwalira, abale anamva chisoni, anamusiya mkamwini pamunda. Chaka chisanathe anabweretsa mkazi wina, lero ana a malemu akugwira ganyu pamunda wa amayi awo. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukwati umatha."

"Abambo akungopempha kanyumba ndi mitengo khumi."

"Lero khumi, mawa makumi awiri. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo iwe samala pakamwa pako. Watsala ndi chaka chimodzi kuti umalize. Ana a sukulu zapamwamba masiku ano mukumayankhula kwambiri, ena tikumva kuti sabwerera kwawo."

Anazinena akumwetulira, ngati malangizo a munthu wokonda mwana wa mlongo wake. Mwina analidi malangizo. Stelia anabwerera wopanda pepala.

Loweruka lija anthu anasonkhana pansi pa manachesi omwewo, poti pamudzi ponse mthunzi wabwino unali pomwepo. Zipatso zinali zitayamba kufiira. A Ezekiele, mkulu wawo wa a Gerishon amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo, anali atayenda wapansi kuchokera ku Nsambe, nsapato atazikolowetsa pakhosi kuti zisathe. A Laimoni anabwera ndi anyamata awiri a yufi ya Chipani ovala malaya ofiira. Anati abwera kudzathandiza kunyamula mabenchi. Mabenchiwo anali awiri okha, ndipo atawanyamula sanachoke.

A Ezekiele anayankhula bwino. Anathokoza mudzi posunga mng'ono wawo, anavomera kuti dothi ndi la eni ndipo palibe angalinyamule pamutu.

"Koma abale anga," anatero, "mwambo womwewu umati wosudzulidwa sachoka ngati wakuba. Munthuyu anabwera ndi tsitsi lakuda, taonani mutu wake lero. Sitikupempha munda. Tikupempha kanyumba ndi mzere umodzi, kuti akafa mudzamuike pafupi ndi mkazi wake. Nkhwangwa imaiwala, koma chitsa sichiiwala."

Anthu anang'ung'udza movomereza. A Callista, mnzawo wa malemu wa ku Mvano, anakweza mawu ali chikhalire pamphasa.

"Ine ndinawaona ndi maso angawa chaka cha chilala chija, akutunga madzi kumtsinje ndi ndowa ziwiri, mtengo uliwonse ndowa yake. Malemu ankati mitengo iyi ndi ana a Gerishon. Asiyireni mzerewo, a Laimoni, simusauka nawo."

Nkhani inali ikupita kwabwino, ndipo a Laimoni anaona. Anaimirira, anakonza jekete, n'kutulutsa pepala lija. Analitambasula lonse kuti aliyense aone mabowo a m'mbali, inki yofiira ndi chidindo. Ambiri mwa amayiwo anali ataligwirapo kale ndi manja awo, ndipo ankalilemekeza. Anawerenga mzere wawo uja kawiri.

Stelia anaimirira, ngakhale pamilandu yotere mwana wamkazi saimirira.

"Pepalalo ndinalemba ndine," anatero. "Si la khoti, si la kwa DC. Ndi ntchito ya m'kalasi. Mitengoyi ndi ya abambo ndi amayi, onse awiri. Ndinalemba dzina limodzi chifukwa..."

"Dikira kaye," anamudula a Laimoni mofatsa. "Ife ndife osaphunzira, utithandize pang'onopang'ono. Zimene zalembedwa apa, ndi zoona kapena ndi bodza?"

"Amalume, nkhani yake si imeneyo."

"Nkhani yake ndi imeneyo. Ngati ndi zoona, tatha. Ngati ndi bodza, ndiye kuti sukulu ya boma, imene boma likukulipirira ndi misonkho yathu, imaphunzitsa ana kulemba mabodza, n'kuwachonga, n'kuwadindira chidindo. Ngati ndi choncho nena momveka, anyamatawa amve, ine Lolemba ndikasiye mawuwo ku ofesi ya Chipani ku Neno. Zoterezi akuluakulu ayenera kuzidziwa."

Mmodzi wa anyamata aja anasiya kusenda nachesi limene anathyola. Zaka zimenezo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa wina amene anatengedwa. A Callista anayang'ana pansi. A Ezekiele anayamba kupukuta nsapato zawo ndi chikhatho.

Stelia anaona zonse ziwiri bwinobwino. Akati zoona, abambo ake achoka. Akati bodza, sukulu yatha, mwinanso zoposa sukulu, ndipo abambo akewo achokabe. Komabe, ndi mkwiyo, anatsegula pakamwa kuti anene liwu lachiwirilo.

"Mwanayu sanama."

Anali a Gerishon. Sanaimirire, sanakwezenso mawu.

"Chibadwire sananamepo. Anandifunsa mwini wake, ndinamuuza ndine kuti ndi amake, iye analemba zimene anamva. Aphunzitsi ake anachonga zoona, chidindonso chili pa zoona. Mitengo ndi ya malemu, yonse makumi asanu ndi atatu. Akulu anga, pempho lija tilisiye. Khala pansi, Stelia."

"Abambo..."

"Ndati khala pansi."

Anakhala. Zotsalazo sizinatenge nthawi. A Laimoni anayamika alamu awo kuti ndi munthu womvetsa, ndipo anati pakhomo ndi potsegula tsiku lililonse akafuna kudzacheza. Anawalola kutenga njinga, bulangeti, khasu limodzi ndi mpeni wawo wokwatitsira mitengo. Kenaka anauza anyamata aja kuti athyole manachesi alendo adye, ndipo anthu anadya, poti kukana kukanaoneka ngati mwano.

A Ezekiele anabwerera tsiku lomwelo kukakonza pogona. A Gerishon anatsala kuti apemphere Lamulungu ndi kutsanzika kumanda. Lolemba m'mawa ananyamuka ndi Stelia, amenenso tchuthi chake chinali chitatha. Katundu yense anakwana pa kaliyala, sutikesi ya Stelia pamwamba. Ankakankha njingayo, poti msewu unali wokwera ndi wamiyala.

Asanafike pamphambano anakumana ndi lole itadzaza madengu opanda kanthu. Dalaivala, amene sankawadziwa, anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, kumunda wa manachesi wa a Laimoni ndi kuti?"

"Pitani molunjika, mukawoloka kamlatho mukhotere kumanzere," anayankha a Gerishon. "Muwauze othyolawo asamakoke, azipotokola. Akakoka, khungwa limang'ambika, zimaola musanafike ku Limbe. Ndipo mzere wa kumunsi sunapse, aupatse masabata awiri."

Dalaivala anangoti zikomo, lole n'kupitirira. Fumbi litatha anayambanso kuyenda.

Pamphambano a Gerishon anamasula sutikesi n'kumupatsa mwana wawo. Njira ya ku Nsambe inali kumtunda, ya kokwerera basi kumunsi. Stelia anali akulira mosabisa.

"Ndikamaliza ndidzakutengani, abambo. Ndidzapeza nyumba ku Blantyre."

"Umalize kaye. Nazale ija ndawauza a Callista azithirira, ukadzabwera udzamasule timapulasitiki tija, tikakhalitsa timadya khungwa." Anamanganso chingwe cha pakaliyala, nachikoka kuti aone ngati chalimba. "Koma pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsa. Pepala lija ndi lalitali, koma amalume ako amangowerenga mzere umodzi. Ine mulibemo?"

Stelia anayang'ana kumunsi kokwerera basi.

"Nena. Mulibemo?"

"Mulimo."

"Pati?"

"Kumunsi. Pa zotuluka, pamene timalemba feteleza ndi madengu."

"Unalemba kuti chiyani?"

Stelia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mzerewo ankaukumbukira bwino, poti anautayipa yekha ndi zala ziwiri, akusangalala kuti masamu akugwirizana.

"Ndinalemba kuti: wantchito, mmodzi, salipidwa."

A Gerishon anayang'ana kumene lole inalowera.

"Aphunzitsi anachongapo?"

"Anachongapo."

"Ndiye usalire, mwanangu. Pamenepo unakhozadi."

Anagwira mahandulo a njinga n'kuyamba kukankha kukwera mtunda.